Kodi sosholoje ikulowa pati pa zokonza Mpingo?

FUNSO: Akonzi, mwana wanga akuphunzira sosholoje ku yunivesite ndiye tsiku lina tikuchokera ku Misa anandiuza kuti Mpingo wa Katolika sungakonzeke popanda maphunziro akewo. Ineyo zinandikhumudwitsa. Si Mzimu Woyera kodi amene amatsogolera Mpingo? Nanga za kafukufukuzi zikubwera bwanji?
Mayi wodabwa

YANKHO: Mayi, musamukalipire mwanayo, wakokomeza pang'ono koma mfundo ali nayo. Sosholoje ndi maphunziro ofufuza mmene anthu amakhalira pagulu, ndipo Mpingo womwewo unavomereza kale. Chikalata cha Gaudium et Spes cha Msonkhano Wachiwiri wa Vatican, chomwe chinatuluka mu 1965, pa ndime 62 chimati abusa azigwiritsa ntchito zimene akatswiri a sosholoje ndi a maganizo a munthu apeza.

Zinayamba kale izi. Ku France mu 1943 ansembe awiri, Henri Godin ndi Yvan Daniel, anafufuza m'madera a anthu ogwira ntchito m'mafakitale n'kupeza kuti ambiri tchalitchi anachisiya kalekale pomwe aliyense ankangoti dzikolo ndi lachikatolika. Cardinal Suhard wa ku Paris zinamukhudza, mpaka ansembe ena anayamba kulowa ntchito m'mafakitale momwemo kuti akakhale pakati pa anthuwo.

Koma chimene chimandipweteka ine ndi nkhani ya ana. Zaka zambirimbiri wansembe akagwirira mwana ankangomusamutsira ku parishi ina mwakachetechete, akuluakulu n'kumati ndi mmodzimmodzi chabe olakwawo, makolo akadandaula ankauzidwa kuti asachititse manyazi Mpingo, mwana uja n'kukula ndi bala lake yekhayekha. Mu 2021 komiti yofufuza za nkhanzazi yotsogozedwa ndi Jean-Marc Sauvé itafunsa anthu pafupifupi 28,000 ku France inayerekeza kuti ana okwana 216,000 anachitidwa nkhanza zogonana ndi ansembe kapena anthu a m'zipani za Mpingo monga abulazala ndi masisitere kuyambira 1950. Apa panalibenso kobisala. Novembala chaka chomwecho maepiskopi a dzikolo atakumana ku Lourdes anavomera kuti Mpingo ngati bungwe unalakwa, anagwada pagulu kupepesa, nagwirizana zopereka chipukuta misozi. Ine ndimakhulupilira kuti Mzimu Woyera amene mukunenayo anagwira ntchito kudzera mwa ofufuzawo, chifukwa choona chinatulukira.

Pomwe mwana wanu wapitirira ndi apa: chiphunzitso sichivoteredwa. Wansembe wina wa ku Chicago, Andrew Greeley, yemwenso anali katswiri wa sosholoje, anapeza kuti Akatolika ambiri ku America sanagwirizane ndi kalata ya Papa Paulo VI ya 1968 yoletsa njira zolera zamankhwala, koma chiphunzitsocho chilipobe mpaka lero.

Ndiye mwanayo akabwera ku holide mutengeni mukaonane ndi bambo mfumu, awathandize kufunsa achinyamata amene analandira Ulimbitso koma pano sakuonekanso ku Misa kuti chinawachotsa n'chiyani.