Kodi ndingamukonde bwanji munthu amene mtima wanga ukumukana?

Mayi wina wanditumizira imelo. Dzina sinditchula, koma nkhani yawo ndi iyi: mchimwene wawo anawabwereka ndalama zambiri, osabweza, kenako n'kumauza abale kuti mayiwo ndi amene ali adyera. Papita zaka. Iwo akuti: "Ndikamva kutchalitchi kuti tizikonda adani athu, ndimadziona ngati wachiphamaso. Ndikangomuona, mtima umawira. Kodi chikondi chimene Baibulo limanena n'chotani, ndipo kodi ineyo ndalephera kale?"

Mayi, simunalephere. Chimene chikukusautsani n'chakuti mukuyeza chikondi ndi mmene mukumvera mumtima, pamene Malemba amachiyeza kwambiri ndi zimene manja akuchita.

Onani Eksodo 23:4-5. Lamulo lake silikamba za mtima n'komwe. Likuti ukakumana ndi ng'ombe kapena bulu wa mdani wako atasochera, um'bwezere kwa mwini wake. Ukaona bulu wa munthu wodana nawe atagwa ndi katundu, usapitirire, um'thandize kumudzutsa. Taganizani: mwagwada pamsewu, mukumasula zingwe limodzi ndi munthu amene simulankhulana naye, thukuta lili kamukamu, mwina osayang'anana n'komwe. Mulungu sakufunsa ngati mwakondwa. Akufuna bulu adzuke. Yesu anapitiriza mzere womwewu pa Luka 6:27-28: achitireni zabwino, adalitseni, apempherereni. Zonsezi ndi zinthu zimene munthu angachite mtima ukadali kuwawa.

Sindikunena kuti mtima ulibe ntchito. Msamariya wa pa Luka 10 anagwidwa chifundo. Koma Yesu sanachedwe pa chifundocho. Anachedwa pa ntchito. Munthuyo anathira mafuta ndi vinyo pamabala, anawamanga, anakweza wovulalayo pachiweto chake, anagona naye kunyumba ya alendo, m'mawa n'kusiya madinari 2, malipiro a masiku 2 a waganyu, n'kulonjeza kudzalipira zotsala. Zonsezi pamsewu wa achifwamba wotsika kuchoka ku Yerusalemu kupita ku Yeriko, mtunda wa makilomita pafupifupi 27, ndipo wochita zimenezi anali wa mtundu umene Ayuda sankayenderana nawo.

Ngakhale 1 Akorinto 13, imene timakonda kuiwerenga paukwati, sinalembedwere akwati. Paulo analembera mpingo wa ku Korinto ali ku Efeso, cha m'ma 50 AD, ndipo mpingowo unali wosamvana. Anali atagawikana, ena akuti ndi a Paulo, ena a Apolo. Ankasumirana kumakhoti. Pa Mgonero wa Ambuye ena ankaledzera anzawo ali ndi njala. Anthu amenewa ndi amene anauzidwa kuti chikondi n'choleza mtima ndipo sichisunga mangawa. Kuleza mtima kumafunika pamene wina akukupsetsa mtima. Amene mukugwirizana naye safuna kulezeredwa.

Tsopano mbali imene ndikuona kuti alaliki ambiri amaidumpha, ndipo kuidumphako kwavulaza anthu ochuluka, makamaka amene akuzunzidwa m'mabanja. Kukonda munthu si kumukhulupirira, ndipo si kubisa cholakwa chake. Lamulo lotchuka lija loti uzikonda mnzako monga udzikondera wekha lili pa Levitiko 19:18, koma vesi 17 likuti usamuda m'bale wako mumtima, um'dzudzule ndithu. Kudzudzula ndi kukonda zili pamalo amodzi. Mateyu 18:15-17 akupereka njira yake: pita ukalankhule naye muli awiri, akakana tenga mmodzi kapena awiri, akakanabe uuze mpingo. Mu 1 Akorinto 13 momwe muja Paulo akuti chikondi sichikondwera ndi zosalungama koma chimakondwera ndi choona.

Yosefe ankawakonda abale ake. Anachoka pamaso pawo kukalira. Anawapatsa tirigu kuti mabanja awo asafe ndi njala, mpaka kuwabwezera ndalama m'matumba. Komatu sanadziulule tsiku loyamba. Anawayesa ndi chikho chasiliva m'thumba la Benjamini, ndipo anadziulula ataona Yuda akudzipereka kukhala kapolo m'malo mwa mng'ono wakeyo (Genesis 44 ndi 45). Chakudya anawapatsa pa ulendo wawo woyamba womwe. Chikhulupiriro chinadikira umboni woti asintha. Davide nayenso anamuleka Sauli wamoyo kuphanga, Sauli analira n'kuvomera kulakwa, koma 1 Samueli 24:22 akuti Sauli anapita kwawo, Davide n'kubwerera kulinga. Sanatsatane.

Ndiye simukukakamizidwa kuwabwerekanso ndalama achimwene anuwo, kapena kunamizira kuti palibe chinachitika. Chimene mukuitanidwira n'cholemera mwa njira ina: kusawabwezera miseche pa miseche, kusawafunira tsoka, kuwatchula dzina m'pemphero ngakhale pakamwa pakulemera, ndiponso kuwathandiza akadzagwa m'mavuto enieni, monga matenda. Aroma 12:18 akuti ngati n'kutheka, kumbali yanu, khalani mwamtendere ndi anthu onse. Paulo ankadziwa kuti nthawi zina mbali inayo imakana.

Mphamvu yake mungaitenge kuti? Osati mwa inu nokha. Aroma 5:8 akuti Khristu anatifera tikadali ochimwa, ndipo 1 Yohane 4:19 akuti timakonda chifukwa Iye anayamba kutikonda. Pa Yohane 13 Yesu anamanga nsalu m'chiuno n'kusambitsa mapazi a ophunzira ake akudziwa bwino amene adzam'pereke, Yudasi asanatuluke panja.

Za kuwira kwa mtimako, kuuzeni Mulungu mosabisa monga amachitira olemba Masalimo. Salimo 55 ndi kulira kwa munthu amene anaperekedwa ndi mnzake wapamtima, amene ankapita naye limodzi kunyumba ya Mulungu. Yambirani pamenepo usiku uno. Ndipo ngati simunakhalepo pansi ndi achimwene anu kuwauza maso ndi maso mmene anakulakwirani, pezani munthu wamkulu mmodzi amene nonse mumam'lemekeza, mupite naye.