Funsani Azamalamulo: Chiphaso, Foni ndi Zionetsero

Funso: Masiku ano chilichonse chikufuna chiphaso cha unzika, kaya ndi simukhadi, banki kapena feteleza wotsika mtengo. Kodi sitikubwerera ku nthawi ya makhadi a chipani? — Wowerenga wa ku Ndirande

Yankho: Kusiyana kulipo, bambo. Nthawi ya Kamuzu wopanda khadi ankabwezedwa pachipata cha msika, ndipo analibe kokadandaula. Lero Malamulo Aakulu a 1994 ali ndi gawo 21 loteteza chinsinsi cha munthu, nyumba yake ndi mauthenga ake. Gawo 44 limati boma lingachepetse ufulu pokhapokha lamulo lolembedwa likulola, kuchepetsako kuli koyenera, ndiponso kuli kofunikira m'dziko la demokalase.

Komabe nkhawa yanu ili ndi mutu. Bungwe lopereka ziphaso za unzika la NRB linalemba anthu mwaunyinji mu 2017, kenako mu 2018 bungwe loyang'anira mafoni ndi mawailesi la MACRA linalamula kuti simukhadi iliyonse ilembetsedwe. Chilichonse pachokha chinkaoneka chaching'ono, koma mukaziphatikiza, dzina lanu, chithunzi, zidindo za zala, nambala ya foni ndi ndalama zoyenda pa Mpamba kapena Airtel Money zamangidwa mtolo umodzi. Lamulo loteteza mbiri ya anthu la 2024 limakupatsani mphamvu yofunsa zomwe bungwe likusunga zokhudza inu ndi kukonzetsa zolakwika. Chotikayikitsa n'chakuti udindo woyang'anira lamuloli unapatsidwa kwa MACRA yomweyo. Chinanso, musabwereke mnzanu chiphaso kuti alembetsere simukhadi: nambalayo ikabera munthu, apolisi adzagogoda pakhomo panu.

Funso: Kodi wapolisi angandilamule kutsegula foni kuti awerenge WhatsApp yanga? — Mayi wa ku Chilomoni

Yankho: Mwa nthawi zonse, kufufuza katundu wa munthu kumafuna chikalata cha khoti. Lamulo limalola wapolisi kufufuza popanda chikalatacho ngati ali ndi chifukwa chomveka chokayikira mlandu, koma kungofuna kuona basi si chifukwa. Musalimbane naye, mayi, chifukwa mungatsegulire nokha mlandu wosokoneza wapolisi pa ntchito. Funsani mwaulemu dzina lake, polisi yomwe akuchokera, komanso ngati mwamangidwa. Akatenga foni, ilembedwe m'buku la apolisi inu mukuona.

Mukamangidwa, gawo 42 la Malamulo Aakulu limati muuzidwe chifukwa m'chilankhulo chomwe mukumva, muli ndi ufulu wokhala chete, ndipo mufikitsidwe kukhoti pasanathe maola 48. Apa m'pamene ambiri amapwetekera: maolawo akathera pa tsiku losagwira khoti, mumadikira tsiku loyamba lomwe khoti likhale, choncho womangidwa Lachisanu madzulo amagona m'chitokosi mpaka Lolemba. Belo ya kupolisi ndi yaulere. Musasayine sitetimenti yomwe simunawerenge, ndipo ngati mulibe ndalama ya loya, abale apite ku Legal Aid Bureau. Dziwaninso kuti lamulo la za intaneti la 2016 lamangitsapo anthu chifukwa cha zolemba pa Facebook ndi mauthenga a pa WhatsApp, ndipo nthawi zina amene amaulula ndi mnzanu wa m'gulu lomwelo.

Funso: Ife ochita malonda ku Limbe tikufuna kuguba mpaka ku Civic Centre kukapereka madandaulo. Chilolezo timakachitenga kuti?

Yankho: Mawu akuti chilolezo ndiwo akulakwika. Gawo 38 la Malamulo Aakulu limakupatsani kale ufulu wochita zionetsero mwamtendere, popanda zida. Lamulo la apolisi la 2010 limangofuna kuti mudziwitse a DC mwa kalata, maola osachepera 48 tsikulo lisanafike, ndipo kope lina lipite kwa mkulu wa polisi ya dera lanu. M'kalatamo lembani mayina a otsogolera, cholinga, tsiku, nthawi, njira yomwe mudutse ndi chiwerengero cha anthu omwe mukuyembekeza. Adinde kope lanu tsiku lomwe alandira, chifukwa popanda chidindo akhoza kudzanena kuti kalata sinafike.

Akakuitanani kukakambirana, pitani. Akhoza kupempha kusintha msewu kapena nthawi. Akakaniza, pemphani zifukwa zolembedwa ndipo thamangirani ku High Court ku Chichiri. Makhoti amamva nkhani zotere: mu 2017 khoti lomwelo linathetsa mbali ina ya lamulo la vakabu yomwe inkamangitsa anthu oyenda usiku, ndipo wodandaula anali wogulitsa malonda ngati inu. Sankhaninso anyamata odziwika nkhope oyang'anira gulu, chifukwa sitolo imodzi ikaphwanyidwa, otsogolera amene mayina awo ali m'kalata muja ndiwo oyamba kufunsidwa.