Aphunzitsi, pitani nawo anawo ku gombe la Shire

Aphunzitsi, mwafunsa komwe mungapite ndi ana anu a ku Bangula kuti akaone mbalame zoikira mazira pamatanthwe a m'mbali mwa nyanja yamchere, ngati zija munaziona pa TV. Zimenezo zili kutali, ku malo ngati Bass Rock ku Scotland, komwe chimfine cha mbalame chinapulula zambirimbiri mu 2022. Ndalama ya basi musaiwononge kufunafuna zotere. Chimene mukufuna kuti ana amvetse chili pakhomo pompano.

Mbalame za kunyanjazo zimasankha phompho chifukwa chilombo choyenda pansi sichingakwerepo, ndipo nsomba zili pafupi. Ina, yotchedwa guillemot, siluka n'komwe chisa, imangoikira dzira limodzi pamwala. Tsono kaoneni afulagombe athu. Amaboola gombe loongoka lomwe madzi anagumula, mauna kundandalika ngati mazenera, banja lililonse una wake. Nzeru yake ndi yomweyo, kungoti iwo amadya njuchi ndi tizilombo touluka. Mdani wawo ndi mng'azi ndi njoka, komanso anyamata a malegeni, ena mwa iwo mwina ali m'kalasi mwanu momwemo.

Pitani mu Seputembala kapena Okutobala, madzi atatsika, mvula isanayambe. Nyamukani mbandakucha. Mukudziwa nokha dzuwa la kuno, ikamakwana 10 koloko ana amakhala atalefuka, palibenso womvera. Malo enieni funsani asodzi, chifukwa magombe amasintha chaka ndi chaka, makamaka chidutsireni namondwe Freddy mu 2023. Ine ndinapita pomwe ndinkawaona kale, ndinangopeza mchenga.

Ana asakaime pamwamba pa gombe. Dothi limagumuka, mazira kukwiririka, ndipo pansipo pali ng'ona. Khalani chapatali, mwakachetechete, muwapatse ntchito yowerenga mauna ndi kuona kuti mbalame ikulowa kangati ndi chakudya kukamwa.

Za dambo la Elephant Marsh, lomwe linalowa m'gulu la madambo otetezedwa ndi mgwirizano wa maiko wa Ramsar mu 2017, mphipi ndi akakowa ziliko zambiri, ndipo anthu amakwerera bwato pa Mchacha James. Koma ine sindingakweze ana 30 m'mabwato pakati pa mvuu. Kumeneko pitani kaye nokha ndi aphunzitsi anzanu awiri, mukajambule zithunzi pafoni, mudzawaonetse Lolemba.