Utsi wakuda pa msewu wa Ku Chawe: kodi kompyuta imauona motowo?

FUNSO: Ndili ndi ka lole ka dizilo, ndikamakwera msewu wa Ku Chawe nditapakira katundu utsi wakuda umachita kuti tolo kumbuyo, makaniko akuti ndi manozo. Mphwanga wa ku koleji akuti akatswiri amaonera moto wa mkati mwa injini pa kompyuta. Zoona kapena akungondinamiza? Dalaivala, Matawale.

YANKHO: Achimwene, mphwanuyo sakunama, kungoti kompyutayo siona moto, imachita kuwerengetsa masamu. Injini ya dizilo ilibe mapulagi oyatsira mafuta ngati ya petulo, pisitoni imapanikiza mpweya mpaka kutentha kupitirira madigiri 500, ndiye nozo imapopera dizilo pa timabowo tating'ono ngati tsitsi, amasanduka ka nkhungu ngati ija imakuta phiri mu Juni, kenako amayaka yekha pasanathe ndi sekondi yomwe, tikunena kachigawo kamodzi pa 1000.

Ndiye akatswiri amagawa silinda mtizigawo tambirimbiri pa kompyuta, nkumawerengetsa kuti dontho lililonse lapita kuti, lauma liti, lakumana ndi mpweya wochuluka bwanji. Pulogalamu ina yotchuka ndi KIVA, anaitulutsa ku Los Alamos ku America mu 1985. Koma masamu okha sawakhulupirira, amayerekeza ndi zithunzi. Ku Sandia, malo ena ofufuzira ku America konko, ali ndi injini zamawindo oonera mkati, ndipo mu 1997 katswiri wawo John Dec anaonetsa kuti mwaye umapangika mkatikati mwa nkhungu ya mafuta ija momwe dizilo wachuluka mpweya nkuchepa, pomwe moto weniweni uli mmbali mozungulira. Komanso motowo suyambira pakamwa pa nozo penipeni, umayamba chapatali pang'ono, ndipo kampata kameneko nkomwe dizilo amapezera mpweya. Kakafupika, mwaye umachuluka. Zili ngati koloboyi mukakweza chingwe kwambiri, paja amadetsa denga.

Nde makaniko wanuyo mwina akulondola, nozo yakutha imadontheza mmalo mopopera, madontho akuluakulu sapsa onse. Koma musanagule manozo, paja ndi odula, yambani mwaona eya filita, sefa ya mpweya wolowa mu injini, fumbi la chilimwe limaitseka msanga. Onjezani kuti kuphiri mpweya ndi wopepuka kusiyana ndi mtauni, inu mwaponda mafuta mpaka pansi pa giya yolemera. Tsitsani giya pamakona aja, ndipo manozowo akawayeze kaye pa makina inu muli pomwepo.