Bwanji ku Saqqara akupezabe manda mpaka lero?

Owerenga wina watilembera imelo kufunsa kuti: "Ku Saqqara anayamba kukumba kalekale. Nanga bwanji chaka ndi chaka tikumvabe zoti apeza manda ena?"

Zikomo pofunsa. Saqqara ndi manda a mzinda wakale wa Memphis ku Egypt, makilomita pafupifupi 30 kumwera kwa Cairo. Anthu ankaikidwa kumeneko kwa zaka zoposa 3,000, ndiye manda ena anakumbidwa pamwamba pa anzawo. Piramidi ya masitepe 6 ya mfumu Djoser yokha ili ndi dzenje lakuya mamita 28 pansi pake, ndi njira za pansi pa nthaka zotalika makilomita oposa 5.

Koma chachikulu ndi mchenga. Mu 1850 katswiri wofukula zakale Auguste Mariette anangoona mutu wa chiboliboli utasuzumira mu mchenga, anatsata mzere wa ziboliboli zotere, ndipo mu 1851 analowa mu Serapeum, manda a ng'ombe zopatulika za mulungu Apis. Chomwe chafukulidwa n'kusiyidwa poyera, mphepo imachikwiriranso. Manda a Maya, msungichuma wa mfumu Tutankhamun, katswiri wina Richard Lepsius anawaona mu 1843, kenako anasowa. Gulu la Geoffrey Martin linawapezanso mu 1986, litadzera pansi kuchokera ku manda oyandikana nawo. Ofukula akale ankatayanso dothi lawo pamalo osakumbidwa, choncho a lero amayamba ndi kuchotsa milu imeneyo asanafike pa nthaka yeniyeni.

Ntchitoyi masiku ano imayenda pang'onopang'ono, ndipo m'pomveka. Mchenga amauchotsa ndi madengu, amausefa, ndipo chilichonse amachiyeza ndi kuchijambula chili pomwe chapezeka, chifukwa mphika ukasunthidwa sungauzenso munthu zaka za mandawo. Chipinda chikatsegulidwa chinyezi chimalowa, chimasungunula mchere wa m'miyala, ndipo mcherewo ukauma umakankha pulasitala wa zithunzi mpaka kugwa. N'chifukwa chake akatswiri okonza zithunzi ndi makoma amafika asanaloledwe alendo.

Si kufukula konse kumene kumabala zomwe anthu akuyembekeza. Mu 1954 Zakaria Goneim anatsegula bokosi lamwala la mfumu Sekhemkhet, lomwe linali lotsekedwa bwinobwino mu piramidi yosamalizidwa. Munalibe mtembo. Komabe piramidi imeneyo inaonetsa akatswiri m'mene amisiri ankayalira miyala ntchito ili mkati, zomwe piramidi yomalizidwa imabisa.