Kuika AC mu Peugeot 504

Achimwene, mwafunsa ngati n'zotheka kuika AC (makina oziziritsa mpweya m'galimoto) mu Peugeot 504 yanu ya 1978 osaiwononga. N'zotheka ndithu, koma yambani ndi radiyeta, kompresa (pampu yopanikiza gasi ya AC) ibwere pambuyo. Kondensa, yomwe imataya kutentha kwa gasi ya AC, imakhala kutsogolo kwa radiyeta, ndiye mpweya umafika pa radiyetapo utatentha kale. Ngati radiyeta yadzaza dzimbiri, mudzaona singano ya kutentha kwa injini ikukwera mukangoima pamzere wa magalimoto dzuwa la Okutobala lili pamutu. Itsukitseni, muwonjezere fani yamagetsi. Alternator (yopanga magetsi a galimoto) yakaleyo mwina siikwanitsa katundu ameneyu, muganizire yamphamvu.

Kompresa gulani ya Sanden. Ndi yaing'ono, siilemetsa injini ngati za York zakale zija zonjenjemeretsa galimoto yonse. Povuta ndi pabulaketi yomangirira kompresa pa injini: mapule (timagudumu toyendapo lamba) akapanda kulunjikana, lamba amalira kenako n'kuduka. Ineyo woyamba anandidukira pachikweza, chifukwa chothamangira wowotcherera wotchipa.

Gasi ikhale R134a, popeza yakale ya R12 inathetsedwa kutsatira pangano la Montreal la 1987. Dashibodi musaiboole chonde, evaporator (yomwe imaziziritsa mpweya wa m'kati mwa galimoto) ipachikeni kunsi kwake. Mphira za m'zitseko nazonso musinthe, apo ayi muzidzaziziritsa msewu.