Achemwali, zitsulo sizingakusandutseni mwamuna

Kalata yanu ndaiwerenga kawiri ndipo yandikhudza. Mwati mukufuna mikono yolimba, zija amati toning, koma mukuopa zitsulo zolemera kuti mungaoneke ngati mwamuna.

Ine mantha omwewo anandidyera chaka chathunthu. Nditabereka mwana wachiwiri ndinkapita ku jimu ina mtauni muno, n'kumakweza timazitsulo ta kilogalamu imodzi kambirimbiri, poti mnyamata wophunzitsa anati zolemera n'za abambo. Thukuta linkatuluka ndithu, koma mkono unali womwewo, wolobodoka. Tsiku lina mipopi itauma ku Ndirande, azakhali anga anafika atasenza ndowa ya malita 20, n'kundiitana kuti ndiwatule. Ndinalephera, madzi anatayikira pachitenje chawo. Madzi amenewo ndi makilogalamu 20, ndipo iwo amawasenza kuyambira ali mtsikana. Mikono yawo ndi yolimba ngati munsi, koma palibe amene anawatchulapo mwamuna.

Ndikuuzeni mosabisa, achemwali. Mnofu umakula kapena kuchepa, basi. Chimene mumasirira pa mkono wa mnzanu ndi mnofu womwe wakula pang'ono, mafuta oukuta n'kuchepa. Ndipo mnofu sukula ngati simuupatsa katundu woposa amene unazolowera. Zoti mudzatupa ngati mwamuna iwalani, chifukwa testosterone, imene imathandiza kukulitsa minofu, mwa ife akazi ndi yochepa kwambiri. Akazi amene mumawaona pa mipikisano yoonetsa minofu aja amatha zaka zambiri akulimbana ndi zitsulo mwadala.

Chimene chimandipsetsa mtima ndi malamba omanga pamimba ndi tiyi wochepetsa thupi amene adzaza pa Facebook. Lamba amangokutulutsani thukuta, mukamwa madzi zonse zabwerera. Ngakhale mutachita masewera a pamimba usiku wonse, thupi silichotsa mafuta pamalo amene mwaloza, limachotsa ponseponse. Ndalama zimenezo bwenzi mutagulira mazira. Komanso kwathu kuno mkazi alibe mtendere: akanenepa amamunena, akachepa anthu ayamba kunong'onezana kuti akudwala. Ineyo apongozi anandifunsapo ngati amuna anga asiya kundidyetsa, ndipo ndinalira.

Zoti muchite

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalimbikitsa kuti akuluakulu azichita masewera olimbitsa minofu masiku osachepera awiri pa sabata. Sankhani katundu woti mukamukweza ka 8 mpaka 12 mukhale mutatopa, akayamba kupepuka muwonjezere, ndipo mnofu womwewo muziupumitsa tsiku limodzi. Nsima musaithawe, ingochepetsani mtanda, pambali pakhale nyemba, usipa, mazira kapena soya. Ngati ya jimu palibe, dzazani madzi m'zigubu ziwiri za malita 5, muzinjuta n'kudzuka mutazigwira, ndipo Loweruka mukakwere phiri la Soche.